Buku la Roots ndi Cenjezo kwa Olondola Makolo

Munthu ali yense afuna kudziwa kumene anacokera. Mwana akafunsa amace kuti, Agogo anu anali yani, nanga anabadwira kuti? safunsa zacabe; pakuti m'maina a makolo muli malire a munda, muli ufumu, muli cibale cimene ciletsa ukwati, ndiponso muli ulemu wa mbumba yonse. Masiku ano ambiri adziwa kulemba, ndipo ena ayamba kundandalika maina a makolo ao m'makope, nawawerenga pamaliro ndi pa misonkhano ya pfuko, ena nawatumiza pa lamya kwa abale okhala kutali. Nchito imeneyi njabwino ndithu, koma iri ndi mbuna yace. M'mbuna imeneyo anagwamo mlembi wina wochuka wa ku America, dzina lace Alex Haley, mwini buku lochedwa Roots, ndiko kunena Mizu. Mwezi uno tifuna kuliyesa bukulo, kuti tione cokoma ciri m'menemo, ndi kuonanso pamene mlembiyo analengeza zinthu asanazitsimikize.

Cimene bukulo lisimba

Haley anabadwa m'caka ca 1921, nakulira kwa agogo ace akazi, dzina lao Cynthia, m'mudzi wa Henning ku Tennessee. Monga asimba iye mwini, madzulo nkhalamba za pabanjapo zinkakhala pakhonde ndi kukamba za kholo lao loyamba m'dziko lija. Zinkati munthuyo anagwidwa kwao ku Africa atapita kuthengo kukatema mtengo wosemera ng'oma. Ngalawa inamtsitsa pa dooko la Annapolis. Mbuye wace wa ku Virginia anamucha Toby, koma iye anakakamira dzina lace la Kinte. Anathawa kangapo kufikira anamdula phazi. Ndipo anaphunzitsa mwana wace wamkazi, Kizzy, mau owerengeka a cinenero ca kwao, monga akuti Kamby Bolongo poloza mtsinje. Haley anadziwerenga wa mbadwo wacisanu ndi ciwiri kuyambira pa kholo limenelo.

Kuti timvetse njala ya munthuyu, tikumbukire kuti kapolo wa ku America analandidwa ndi dzina lomwe. Pa kalembera wa Boma wa 1850 ndi wa 1860 akapolo anawerengedwa pansi pa dzina la mbuye wao. Analembedwa zaka zao, ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi, koma maina ao ai. Ukapolo unatha m'caka ca 1865, ndipo kalembera woyamba wochula maina a omasulidwawo ndiye wa 1870. Cotero munthu wakuda wa kumeneko, polondola makolo ace, ayenda bwino kufikira 1870, ndipo pamenepo apeza mpanda. Haley anapita ku nyumba yosungiramo makalata a Boma ku Washington, napeza m'kalembera wa 1870 dzina la Tom Murray, wosula zitsulo wa ku North Carolina, atate wa agogo ace aja, pamodzi ndi mkazi wace ndi ana. Apa mau a nkhalamba ndi zolemba za Boma zinabvomerezana. Koma mtima wace unafuna kulumpha mpandawo ndi kuoloka nyanja.

Katswiri wina wa mbiri za Africa, Jan Vansina, anamuuza kuti mau aja amveka ngati a Amandinka, okhala m'mbali mwa mtsinje wa Gambia. M'caka ca 1967 Haley anafika ku Gambia, ndipo anthu anamperekeza ku mudzi wa Juffure kwa nkhalamba dzina lace Kebba Fofana, namuuza kuti ameneyo ndi jali, ndiye munthu wosunga pamtima mbiri ya mapfuko. Fofana anachula mibadwo ya a Kinte, kufikira anati mnyamata wina, Kunta, anapita kukatema mtengo pa nthawi imene asilikari a mfumu ya Azungu anafika, ndipo sanaonekenso. Haley analira misozi, nakhulupirira kuti wafika kwao. Pambuyo pace anafunafuna m'makalata a ku London ndi a ku Maryland, napeza ngalawa yochedwa Lord Ligonier, imene inacoka ku Gambia ndi akapolo 140, nifika ku Annapolis pa 29 September 1767 ndi amoyo 98. Anapezanso kalata wa 1768 wa banja la Waller ku Virginia, wochula kapolo dzina lace Toby. Tsono anati cingwe calumikizika.

Bukulo linaturuka m'caka ca 1976, ndipo pasanathe caka anagulitsa mabuku oposa miliyoni imodzi. Mu January 1977 nkhaniyo inaonetsedwa pa wailesi ya kanema masiku 8 otsatana, ndipo usiku womariza anaonera anthu ngati mamiliyoni 100. Caka comweco mlembiyo analandira mphotho yapadera ya Pulitzer.

Zokoma zace

Tisamane mlembi ulemu umene auyenera. Anthu a ku Africa amene anakwezedwa m'ngalawa za akapolo kuoloka nyanja ya Atlantic anaposa mamiliyoni 12, ndipo ciwerengero cotere cilemetsa mutu koma sicifika kumtima. Haley anatengapo munthu mmodzi, nampatsa atate ndi amace, mudzi wokhala ndi malamulo ace, cipembedzo cace ndi dzina lace. Ndipo owerenga anaona kuti amene anagulitsidwa pamsika anali mwana wa munthu. Nkhanza zimene azisimba, za kupanikizana m'mimba mwa ngalawa, za mkwapulo, ndi za kugulitsa mwana amace ali kupenya, zinacitikadi kwa anthu osawerengeka. Ambiri amene anali ndi manyazi ndi mbiri ya ukapolo anayamba kufunsa nkhalamba zao, nadzaza nyumba zosungiramo makalata akale. Pa zimenezi bukulo linagwira nchito yaikuru.

Akadati, Iyi ndi nthano yophunzitsa zoona, sitikadakhala naye mlandu. Iye anabvomereza kuti zokambirana za anthu ndi zocitika zambiri anazipeka yekha. Koma pa matsamba omariza ananenetsa kuti mndandanda wa makolowo ucokera m'mau a akuru, ndi kuti zambiri anazitsimikiza ndi makalata. Ndipo bukulo linagulitsidwa monga mbiri yoona. Pa mau amenewo ndipo tiyenera kumuyesa, pakuti cingwe cace cinali ndi mfundo zitatu, ndipo zonse zinamasuka pamene anzace anazikoka.

Mfundo zitatu zimene zinamasuka

Yoyamba ndiyo mboni ya ku Juffure. Mu April 1977 mtolankhani Mark Ottaway, wa nyuzipepala ya Sunday Times ya ku London, atapita yekha ku Gambia, analemba kuti Fofana sanali jali weniweni. Kunadziwikanso kuti pobwereza nkhani ya Kunta anali kusintha mbali zina zimene Haley anatsamirapo, ndi kuti bukulo lisanaturuke, mkuru wosunga mbiri zakale za Gambia analembera Haley kalata womcenjeza za nkhalambayo. Koma coposa zonse ndi ici: Haley atafika ku Gambia anayamba wasimbira akuru a kumeneko nkhani yace yonse, dzina la Kinte ndi za kutema mtengo zomwe, ndipo iwo ndiwo anapita kukamfunira munthu woidziwa. Tsono nkhaniyo inatsogola, mwini wace nadza pambuyo. Kodi mlendo wolemekezeka wocokera kutsidya la nyanja, wofunafuna kwao ndi misozi, akafunsa cinthu cimene wayamba wacinena yekha, ndani adzambweza wopanda kanthu? Ife tidziwa mwambo wa kulandira alendo, kuti mwini mudzi sakonda kukhumudwitsa mlendo. Sikufunika kuti wina akhale wabodza. Ulemu wokha ukwanira. Haley anafanana ndi munthu wopfuula m'phanga, namva mau ace omwe alikubwerera, nati, Pali wina wondibvomera.

Yaciwiri ndiyo caka ndi ngalawa. Nkhalamba ija sinachule caka, koma inangonena za kufika kwa asilikari a mfumu. Haley anapeza kuti asilikari a England anatumizidwa kumeneko ca m'ma 1767, nagwira caka cimeneco. Koma Angelezi sanafike kamodzi kokha pa mtsinje wa Gambia. Analanda cilumba ca James, cimene ciri mamailo awiri okha kucokera ku Juffure, m'caka ca 1661; ndipo m'caka ca 1816 asilikari ao anamanga Bathurst, mudzi umene lero uchedwa Banjul. Nanga mwa kufika konseku, nkhalambayo inanena kuti? Ndiponso mudzi wokhala pafupi cotere ndi linga la Azungu unazolowera malonda ao, pamene bukulo liuonetsa ngati mudzi wakutali umene ana ace amva za Azungu ngati mphekesera. Ngalawa ya Lord Ligonier inalipodi, ndipo ulendo wace unalembedwa. Koma akapolo ace anawerengedwa monga katundu, opanda maina. Palibe kalata wonena kuti Kunta anakweramo. Mlembi anasankha caka, nafunafuna ngalawa yoyenera cakaco, ndipo ataipeza anaiyesa umboni wa caka cimene anasankha yekha.

Yacitatu ndiyo dzina la Toby. M'caka ca 1981 Gary Mills ndi Elizabeth Shown Mills, odziwa nchito ya kulondola mibadwo, anasindikiza zimene anapeza atawerenga makalata a ku Virginia ndi a ku North Carolina amene Haley anatsamirapo. Anapeza kuti Toby wa banja la Waller alembedwa kale m'caka ca 1762, ndizo zaka 5 ngalawa ija isanafike. Munthu sangalime ku Virginia m'1762 ndi kugwidwa ku Gambia m'1767. Anapezanso kuti Toby ameneyo aoneka kuti anafa cisanafike caka ca 1782, pamene bukulo liti Kizzy anabadwa m'1790. Ndipo dzina la Kizzy sanalipeze pakati pa akapolo a Waller. Onani tsono cimene cinacitika. Haley anafuna Toby, napeza Toby, naleka kuwerenga. Akadabwerera m'mbuyo matsamba owerengeka a makalata omwewo, akadaona yekha kuti wagwira munthu wina. Akuru anati, Kuona maso a nkhono nkudekha.

Panali ndi mlandu winanso. Harold Courlander, mlembi wa buku lochedwa The African la 1967, anasuma kubwalo kuti mau ace atengedwa. M'caka ca 1978 anagwirizana pa madola 650,000, ndipo Haley anabvomereza kuti zina za m'buku la mnzaceyo zinalowa m'buku lace. Mlandu uwu ngwa mtundu wina, koma phunziro lace ndi lomweli: munthu wosonkhanitsa zinthu zaka zambiri, wosalemba pambali kumene anatenga ciri conse, pamapeto pace sadziwa cace ndi ca mwini, comva ndi copeka.

Colembedwa cibwerera kumudzi

Mwina wina adzati, Kodi pali kanthu? Ukapolo unalipo, ndipo kholo la Haley linacokeradi ku Africa. Ngati silinali la ku Juffure, linali la mudzi wina wonga womwewo. Mau awa ali ndi mbali yoona, ndipo cifukwa cace sitinena kuti bukulo litayidwe. Koma taonani cimene cinatsatira. Donald Wright, wophunzira mbiri ya malonda a akapolo, anayenda pakati pa Amandinka kufunsa akuru ndi ajali, nasindikiza zopeza zace m'caka ca 1981. Anapeza kuti iwo sanathe kulongosola bwino za anthu wamba amene anakhala ndi moyo zisanafike zaka za m'ma 1850. Koma za Kunta Kinte ali yense anazidziwa. Anazidziwira kuti? Kwa Haley ndi buku lace. Nkhani imene inadza ndi mlendo inakhazikika m'midzi, nibvala maonekedwe a mbiri ya makolo.

Apa ndipo pali cionongeko cacikuru. Mbiri ya pakamwa ikasanganizika ndi ya m'buku, siingathe kupetedwanso. Mdzukulu wa ku America wodza lero ku Juffure kudzafunsa, adzamva zimene Haley analemba, nadzayesa kuti wapeza mboni yaciwiri, pamene mboni ikali imodzi yomweyo. Ndipo cimene agogo a m'mudzimo anali kukumbukira za a Kinte enieni caphimbika. M'caka comweco ca 1981, cimene ofufuza anamasula mfundo zija, pa dooko la Annapolis anaikapo cikwangwani cokumbutsa kufika kwa Kunta Kinte; ndipo m'caka ca 2011 cilumba ca James cinachedwa Kunta Kinteh Island. Kukumbukira akapolo pamalo amenewo nkoyenera ndithu. Koma onani kusiyana kwa mayendedwe: nkhani inafika kwa anthu mamiliyoni, ndipo kukonza kwace kunatsala m'magazini a ophunzira amene awerengedwa ndi ocepa. Madzi akatayika saoleka.

Tikumbukirenso kuti Haley anasimba nkhaniyi pa misonkhano yambiri zaka zingapo bukulo lisanasindikizidwe. Munthu amene waliza anthu misozi ndi nkhani yace kwa zaka zotere, cimbvuta kuima ndi kunena kuti, Mwina si momwemo. Cenjezo likafika pambuyo pa kulengeza, lipeza khomo lotseka. Cifukwa cace nthawi ya kutsimikiza ndiyo pamene nkhani ikali m'kope lako, isanamveke kubwalo.

Kwa inu olemba maina a makolo

Zimene zinagwera mlembi wa ku America zikhoza kugwera ali yense wa ife wogwira kope ndi pensulo. Tichule zinthu zisanu zimene bukuli litiphunzitsa.

Coyamba, pofunsa nkhalamba musayambe mwaiuza cimene mufuna kumva. Musati, Kodi si zoona kuti agogo anali mlongo wa mfumu? koma muti, Agogo anabadwa ndi yani? Ndipo mukhale cete, ilankhule yokha. Patapita masiku mukafunsenso, muone ngati mau ali omwewo.

Caciwiri, mufune mboni ziwiri zosamvana. Anthu atatu amene onse anamva kwa munthu mmodzi ndiwo mboni imodzi. Mufunse a kucikazi paokha ndi a kucimuna paokha, ndipo ali yense mumfunse kuti, Munamva kwa yani? Paja Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Cacitatu, kufanana kwa dzina si umboni. Kwathu kuno bvuto ili liposa la Toby, pakuti dzina lilowedwa. Kalonga sanali mmodzi, Undi sanali mmodzi, ndipo mphwa wolowa ufumu achedwa dzina la malume ace. Mdzukulu nayenso apatsidwa dzina la agogo. Banda ndi Phiri ndi maina a mapfuko akuru, ndipo awiri okhala nalo dzinalo akhoza kukhala osadziwana mibadwo yambiri. Wosasamala aphatikiza anthu atatu kukhala mmodzi, nampatsa zaka zoposa za munthu.

Cacinai, muwerengere zaka. Mwana sabadwa amace asanakule, ndipo sabadwa atate wace atafa zaka 8 zapitazo. Mabuku a ubatizo ndi a ukwati, ziphaso za msonkho, makalata a ku migodi ndi zolembedwa pamanda zithandiza, koma nazonso muziyese, pakuti mlembi wa kale nthawi zambiri anangoyerekeza zaka za munthu pomuyang'ana nkhope. Ndipo cizindikiro ca nthawi cikhale cosabwerezeka. Akuru a Angoni ananena kuti tsiku limene Zwangendaba anaoloka Zambezi dzuwa linada usana. Odziwa za kuthambo atawerengera anapeza kuti kadamsana anaonekadi kumeneko mu November 1835. Cizindikiro cotere cigwira, cifukwa mboni yace ndi thambo, limene silinamve nkhaniyo kwa munthu. Koma kunena kuti, Caka ca njala, kapena, Pofika asilikari, kufuna funso lina: njala iti, asilikari ati?

Cacisanu, pa dzina liri lonse mulembe pambali kumene mwalitenga, ndipo mulekanitse zinthu zitatu: cimene mwaona colembedwa, cimene mwamva ndi amene anakuuzani, ndi cimene mungoganiza. Pamene cingwe caduka, musiye mpata woyera. Mpata sunyenga munthu, ndipo wodza pambuyo panu adziwa poyambira kufunafuna. Koma dzina loikidwa mongoyerekeza litseka njira, pakuti palibe afunafuna cimene ayesa kuti capezeka kale.

Musayese kuti izi nzazing'ono cifukwa kope lanu silidzawerengedwa ndi mamiliyoni. M'mudzi kope limodzi likwanira. Lidzaturutsidwa pabwalo tsiku lokangana za ufumu kapena za malire a dimba, ndipo anthu adzati, Zinalembedwa, inu mwini mutagona kale kumanda. Ndiponso malonda a akapolo anapita m'dziko lino lomwe, pa Nkhotakota ndi pa madooko ena a nyanja, ndipo nkhondo zinamwaza anthu. Cotero kulemba mopepuka kuti mbumba yakuti inacokera kwa kapolo, kapena kuti njobwera, ndiko kusenzetsa ana osabadwa katundu amene mwina si wao.

Tsono buku la Roots tiliwerenge monga nthano yamphamvu yonena zoona za ukapolo, koma tisaliyese citsanzo ca kulondola makolo. Mlembi wace anakonda makolo ace, ndipo cikondi comweco cinamfulumizitsa. Pamene anafika pa kalembera wa 1870 anaima pa thanthwe. Kupitirira pamenepo anayenda pa cimene mtima wace unalakalaka. Ife amene tiri ndi nkhalamba zathu pakhomo, tizifunse zikali ndi moyo, ndipo tilembe mau ao monga anenera, osaonjezapo. Mndandanda wa mibadwo inai yotsimikizika uposa wa mibadwo khumi yoyerekeza, ndipo mdzukulu wodzauwerenga adzatha kuimapo osaopa.